Mwambo Wake Uti, Anzanga?

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Nselema. Tsiku la msika mnyamata wina anagwidwa ndi mbuzi imene amati si yake. Mmene apolisi amafika n'kuti nkhope itatupa kale. Pamenepo mkulu wina waulemu wake anati, "Malamulo a Azunguwa ndiwo aononga dziko. Mbala ikalowera uku itulukira uku. Atibwezere makhoti a makolo." Mau omwewa ndawamvanso pano pa koleji, m'kamwa mwa anthu ovala mataye. Ine ndikukana.

Kwathuko malamulo a mitundu inai amakumana pa msika umodzi, ndipo uli wonse uli ndi mpanda wochinjiriza woimbidwa mlandu. Kwa majisitireti kuli lamulo la Angerezi, limene linakhazikitsidwa kuno mu 1902: boma ndilo liyenera kutsimikiza mlandu, ndipo iwe uli ndi ufulu wopanikiza mboni zake ndi mafunso. Kutsidya kwa malire, ku Mozambique, kuli lamulo limene anasiya Apwitikizi, la mtundu wa ku France: woweruza ndiye amatsogolera mafunso, koma ofufuza ayenera kufunafuna zokupulumutsa monga momwe afunira zokumanga. Ku mzikiti mashehe amaphunzitsa Shariya, ngakhale kuno siweruza milandu ya upandu. Anthu amangoidziwa ndi kudula dzanja, osadziwa kuti pa kuba imafuna mboni ziwiri, pa chigololo zinai, ndi kuti pakakhala chikaiko chilango chotere chimagwa. Ndiye pali bwalo la mfumu, pansi pa mtengo, pamene amalume ako amakulankhulira, mudzi wonse ukumva, ndipo mlandu umatha ndi chipepeso.

Tsono makhoti amene mukuwalirawo anali a mtundu uti? Mu 1969, anthu akuphedwa usiku ku Chilobwe mu Blantyre, khoti lalikulu linamasula ena amene anawaganizira chifukwa umboni unaperewera. Dr. Banda anakwiya. Lamulo linasinthidwa, ndipo makhoti otchedwa a makolo anapatsidwa mphamvu yozenga milandu ya kupha, pambuyo pake ndi youkira boma, mpaka kulamula kuti munthu anyongedwe. Loya sankaloledwa kuimira munthu. Apilo sinkapita ku khoti lalikulu. Oweruza ankaikidwa ndi kuchotsedwa ndi boma lomwe likukuimba mlandulo.

Mu 1977 Albert Muwalo, amene anali mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, ananyongedwa atazengedwa m'khoti lotere, limene linalandira ngakhale makalata opanda dzina ngati umboni. Ambiri sanamulire, pakuti naye anazunza anthu. Koma mu 1983 msampha womwewo unakola Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo, pamodzi ndi mkazi wake Vera. Anawalamula kuti aphedwe, kenaka chilango chinasanduka ndende ya moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Vera anatuluka mu 1993, chaka chomwe makhotiwo anaimitsidwa.

Ndikufunseni inu odziwa mwambo: ndi mudzi uti umene unaweruzapo munthu ndi kalata ya mwini wake wosadziwika? Ndi shehe uti angavomere zimenezo? Makhoti aja anatenga chingwe kwa Mngerezi, natenga dzina kwa makolo athu, koma mipanda yonse anaigwetsa. Anali nkhwangwa ya boma yokulungidwa m'chikopa cha mfumu.

Sindikuti makhoti a lero ndi angelo. Ali kutali, milandu imachedwa, munthu amaola pa limandi, ndipo mai wa ku Nselema amamva tsogolo la mwana wake kudzera mwa womasulira, poti lamulo limalankhula Chingerezi. Zimenezi tizikonze. Khoti liyandikire anthu, lilankhule Chiyao ndi Chichewa, ndipo pa mlandu wa mbuzi chipepeso chipatsidwe malo. Pamenepo tidzakhala taphunzira kwa makolo moona.

Koma lamulo tisaliyese ndi kumene linachokera, kaya ndi ku London, ku Lisbon, ku Makka kapena pansi pa mkuyu. Tiliyese ndi funso limodzi: kodi wogwidwayo apatsidwa mpata woyankha, pamaso pa woweruza wosaopa wina ali yense? Mnyamata uja sanaupeze mpatawo. Mwina anabadi, mwina ai, palibe anafunsa. Inu amene mukuombera m'manja, kumbukirani kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.