Kusankha Coimbira Nyimbo ca pa Njinga Yamoto

Ambiri a inu mukatsiriza maphunziro anu pa koleji mudzatumizidwa ku masukulu a kumidzi, kumene basi ifika kamodzi pa tsiku, mwinanso siifika nkomwe. Ena mudzakhala kuseri kwa Petauke, ena ku Chadiza, ena ku Lundazi kapena ku cigwa ca Luangwa. Kumeneko njinga yamoto, imene ambiri angoicha honda ngakhale ikhale ya mtundu wina, ndiyo miyendo ya mphunzitsi. Ndiyo imufikitsa ku boma kukatenga malipiro, ku msonkhano wa aphunzitsi, ndiponso ku cipatala mwana akadwala usiku. Ulendo wa maola awiri uli wekha utopetsa, ndipo mtima ulakalaka nyimbo. Cotero funso ili lidzakufikani: Kodi ndigule coimbira nyimbo cotani?

Ganizo langa ndi lakuti coimbira ca pa njinga ciyenera kuyesedwa ndi zinthu zitatu zimene mseu ufuna kwa woyendetsa, ndizo maso, manja ndi makutu. Coimbira cimene cilanda cimodzi mwa zitatuzi cisiyeni m'sitolo, ngakhale cikhale cokongola ndi cochipa. Tiyeni tione zifukwa zake.

Bvuto lakale linatha

Kale bvuto lalikulu la oyenda pa njinga linali kugwedezeka. Kampani ya Sony inatulutsa Walkman mu 1979, ndipo anthu ambiri anayamba kuyenda ndi nyimbo m'thumba. Koma kaseti inafuna kutembenuzidwa mbali imodzi ikatha, ndipo fumbi linali mdani wa tepi. Mu 1984 kunabwera coimbira ma CD ca m'manja. Ici cinali kudumpha nyimbo pa kadzenje kalikonse, pakuti kuwala kowerenga cimbale kunali kusocera cikagwedezeka. iPod ya Apple, imene inatuluka mu 2001, inali ndi kacimbale kozungulira m'kati mwake, ndipo nakonso sikanali kukonda mabampu. Apple inaleka kupanga iPod mu 2022.

Masiku ano nyimbo zisungidwa pa memori khadi kapena m'kati mwa foni, mmene mulibe cozungulira ciliconse. Mungathe kudutsa mseu wa miyala wopanda nyimbo kudumpha. Motero wogulitsa akakuuzani kuti coimbira cake sicidumpha, dziwani kuti sanakuuzeni kanthu, pakuti zonse za lero zitero. Mabvuto amene atsala ali pa thupi la woyendetsa.

Mphepo ndi khutu

Mphamvu ya phokoso iyesedwa ndi muyeso wochedwa desibelo. Anthu awiri akamaceza bwino-bwino mau ao afika pa madesibelo 60. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linena kuti munthu wamkulu angamvere phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda ngozi. Koma phokoso likafika pa madesibelo 90, nthawiyo itsika kufika pa maola 4 okha pa sabata. Taonani kuti madesibelo angoonjezeka ndi 10, koma nthawi yacepa kakhumi.

Tsono anthu ambiri aganiza kuti phokoso la pa njinga licokera ku injini. Pa liwiro locepa zimenezo n'zoona. Koma njinga ikathamanga, mphepo yokhula cisoti ndiyo iposa. Ofufuza a ku Britain m'zaka za m'ma 1990 anaika timaikolofoni m'makutu mwa oyendetsa, ndipo anapeza kuti pa liwiro la makilomita 60 pa ola phokoso la m'cisoti lifika pafupi ndi madesibelo 90, ndipo likwera liwiro likamakwera. Werengani nokha. Mphunzitsi amene ayenda maola awiri pa tala kupita ku boma ndi maola awiri kubwerera, pa liwiro limenelo, watsiriza gawo lake la sabata yonse ndi mphepo yokha, asanatsegule nyimbo.

Nanga akatsegula nyimbo cicitika n'ciyani? Kuti nyimbo imveke iyenera kuposa mphepo, cotero iye akweza voliyumu. Sazindikira kuti wakweza kwambiri, pakuti khutu liyerekeza nyimboyo ndi mphepo. Yesani tsiku lina kuima, kuzima injini, ndi kumvera nyimbo pa voliyumu imene munali kuyenda nayo. Mudzadabwa.

M'kati mwa khutu lililonse muli timaselo tonga ubweya pafupi-fupi 16,000, timene tisandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tikafa sitimeranso. Sitifa tsiku limodzi ai, koma pang'ono-pang'ono, popanda ululu ndi popanda magazi. Cizindikiro coyamba ndi kulira kwa m'makutu mukatsika pa njinga, kapena kumva ngati m'makutu mwalowa thonje. Akulu anati cakudza sicimba ng'oma.

Kwa inu nkhaniyi ikula koposa. Phokoso liyamba kuononga mbali ya khutu imene imva mau opyapyala, monga kamphepo kamene kasiyanitsa pala ndi phala, kapena kola ndi khola. Munthu wotere amva kuti mnzace ali kulankhula, koma sazindikira bwino cimene wanena, makamaka pamene pali anthu ambiri. Ganizani za kalasi ya Giredi 1 ya ana makumi asanu, mwana wamanyazi wa kumbuyo ali kuwerenga motsitsa mau. Ngati simumva kuti wati pala m'malo mwa phala, mudzamuongola bwanji? Mlimi asamala khasu, ndipo mmisiri asamala nsompho. Cipangizo ca mphunzitsi wa ciyankhulo ndi khutu.

Khutu liona kumbuyo

Maso aona kutsogolo kokha, ndipo timagalasi ta njinga tionetsa pang'ono. Cimene cikuuzani kuti lole yaikulu ili kubwera kumbuyo kwanu pa Great East Road ndi khutu. Ndilo limva hutala pa gulaye, belu la njinga yakapalasa, mluzu wa mbusa wa ng'ombe, ndi kusintha kwa kulira kwa injini pamene cheni yamasuka. Woyendetsa galimoto azingidwa ndi zitsulo. Woyendetsa njinga yamoto ali ndi cisoti cabe, cimene lamulo la dziko lathu lifuna kuti iye ndi womukweza abvale. Cinjirizo lake lenileni ndi kudziwa msanga cimene cili kudza.

Maiko ena anaikapo malamulo pa nkhaniyi. Ku France, kuyambira pa 1 Julayi 2015, woyendetsa galimoto, njinga yamoto ngakhale njinga yakapalasa saloledwa kubvala mahedifoni kapena kanthu kolira kolowetsa m'khutu, ndipo wolakwa alipira mayuro 135. Koma tisipika tomangidwira m'cisoti tiloledwa. Ku California lamulo liletsa kutseka makutu onse awiri ndi mahedifoni, koma lilola zotsekera makutu zocepetsa phokoso, malinga ngati munthu akali kumva hutala ndi kulira kwa ambulansi. Malamulo awiriwa agwirizana pa mfundo imodzi, yakuti khomo la khutu lisatsekedwe ndi nyimbo.

Zoyenera kuyang'ana pogula

Coyamba, yang'anani kumene nyimbo itulukira. Timahedifoni tolowetsa m'khutu musatigule kaamba ka njinga, makamaka timene tizima phokoso lakunja. Tipweteka cisoti cikatipanikiza, tigwa pobvula, ndipo titseka khutu. Cabwino ndi tisipika topyapyala tomamatiza m'kati mwa cisoti, pafupi ndi makutu. Makampani monga Sena ndi Cardo apanga tisipika totere, ndipo pali tina tochipa topangidwa mofanana. Musaboole cisoti kapena kusema cofewa ca m'kati mwake kuti tisipika tikwane, pakuti cofewaco ndico cipulumutsa mutu.

Caciwiri, yang'anani mabatani. Coimbira cofuna kuti mukhudze pa galasi cifunanso maso, ndipo sicimvera cala cobvala golovesi. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, njinga iyenda mamita pafupi-fupi 17 pa sekondi imodzi. Kuyang'ana pansi masekondi awiri ndiko kuyenda mamita oposa 30 muli wakhungu, ndipo mbuzi ifuna mita imodzi cabe. Sankhani coimbira ca mabatani akulu, ocepa, amene cala cingawadziwe popanda diso. Batani lofunika koposa ndi lozimira.

Cacitatu, pewani nthambo. Nthambo yocokera m'thumba kupita ku cisoti ikoledwa pa mahandulo, ndipo ikoka mutu pamene mufuna kuceuka. Bluetooth ithetsa bvutoli. Ngati mulibe ndalama ya coimbira cotere, nthambo ipite m'kati mwa jekete.

Cacinai, ganizani za fumbi la mu Okutobala ndi mvula ya mu Januwale. Pa bokosi pamakhala zilembo IP zotsatidwa ndi manambala awiri. Yoyamba inena za fumbi, ndipo 6 ndiyo yapamwamba. Yaciwiri inena za madzi. IPX4 itanthauza kuti cipirira madzi owazika, koma sicinayesedwe pa fumbi. IP67 itanthauza kuti fumbi sililowa, ndipo cingamire mita imodzi kwa mphindi 30 osaonongeka.

Cacisanu, funsani ngati voliyumu ingaikidwe malire. Ku maiko a European Union, kuyambira mu 2013, zoimbira za m'manja zigulitsidwa zili ndi malire a madesibelo 85, ndipo zicenjeza munthu akafuna kupitirira. Zogulitsidwa m'misika ina zilibe cinjirizo lotere. Ikani malire anu muli m'nyumba mopanda phokoso, pang'ono kupitirira theka, ndipo musawasinthe pa mseu. Nyimbo ikaleka kumveka kaamba ka mphepo, imeneyo ndi nkhani ya liwiro lanu.

Cotsiriza ndi batire. Sukulu yanu mwina idzakhala yopanda magetsi, cotero funani coimbira cokhala maola ambiri, cimene cingachajidwe ndi kasola kakang'ono. Cokhala ndi wailesi ya FM cili ndi phindu linanso madzulo ku nyumba.

Nanga foni bwanji?

Ena adzati foni icita zonsezi, nanga kuguliranji cina? N'zoona kuti foni iimba nyimbo bwino. Komabe ine ndikonda kacoimbira kapadera ka MP3 pa zifukwa zitatu. Foni ibwera ndi mauthenga, ndipo uthenga ukalira mtima ufuna kudziwa amene watuma. Caciwiri, batire ya foni ndiyo idzakupulumutsani tayala likaphulika dzuwa litapendeka, cotero siiyenera kuthera pa nyimbo. Cacitatu, foni yomangidwa pa mahandulo ilandira kunjenjemera konse kwa injini. Mu 2021 kampani ya Apple inacenjeza kuti kunjenjemera kwa njinga zamoto za injini zamphamvu kungaononge kamera ya iPhone. Ngati mugwiritsa nchito foni, ndandalikani nyimbo musananyamuke, zimani mauthenga, iikeni m'thumba la m'kati, ndipo musaigwire kufikira mutaima.

Zimene otsutsa anena

Wina angati nyimbo icotsa tulo pa ulendo wautali. Ingathandize kwa kanthawi, koma tulo sitinyengeka. Mankhwala a tulo ndi kuima pansi pa mtengo, kumwa madzi ndi kupumula. Ndiponso phokoso lenilenilo litopetsa thupi, motero kuonjeza phokoso pa phokoso kufulumiza kutopa.

Wina angati oyendetsa galimoto amvera wailesi tsiku ndi tsiku ndipo palibe awaletsa. Inde, koma m'galimoto yotseka mawindo mulibe mphepo yolimbana nayo, cotero wailesi imveka pa voliyumu yocepa. Ndiponso galimoto ikagundidwa kumbuyo iphwanyika nyali, pamene njinga ikagundidwa aphwanyika munthu.

Winanso angafunse kuti, ngati makutu ayenera kukhala otseguka, bwanji ena alangiza zotsekera makutu? Funsoli n'labwino. Zotsekera zopangidwira phokoso zicepetsa mphamvu ya mau onse ofika ku khutu, koma sizionjeza mau ena opikisana ndi hutala. Nyimbo yokwezedwa icita zosiyana, iphimba hutala ndiponso itenga maganizo. Pa ulendo wautali wa pa tala, zotsekera za ndalama zocepa zingakuthandizeni kuposa coimbira ca mtengo wapatali.

Nthawi yozima

Ngakhale mutagula coimbira cokwanira zonse zimene tachula, pali malo amene ciyenera kukhala cete. Zimani polowa m'tauni, podutsa pa msika, pafupi ndi sukulu, pa mlatho, usiku, pa mvula, ndi pa mseu umene simuudziwa. Zimani mukakweza munthu, pakuti iye waika moyo wake m'manja mwanu ndipo angafune kukuuzani kanthu. Ngati mwangophunzira kumene kuyendetsa, caka coyamba cithe popanda nyimbo. Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Mukacotsa malo onsewa mudzapeza kuti nthawi yotsalira nyimbo ndi yocepa, ndiyo mseu wotambasuka, usana, pa liwiro lodekha. Cifukwa cake musaonongere ndalama zambiri pa coimbira. Malipiro oyamba akabwera, gulani cisoti cabwino cokukwanani, cophimba nkhope yonse, pakuti cisoti colendewera cilowetsa mphepo yambiri. Kenaka gulani zotsekera makutu ndi magolovesi. Coimbira cibwere pambuyo.

Kumbukiraninso kuti pa mudzi mphunzitsi sayenda yekha. Anyamata a Giredi 7 aona mmene mukwerera, mmene muimikira, ndi cimene cili m'makutu mwanu, ndipo ena a iwo pasanapite zaka zambiri adzakhala akunyamula anthu pa njinga zamoto. Adzacita zimene anaona kwa aphunzitsi ao. Inu muli ndi zaka makumi atatu kapena kuposa zoimirira patsogolo pa ana ndi kumvera mau ao ang'ono. Sankhani coimbira cimene cidzakusiyirani makutu a nchito imeneyo.