Gule Akalowa Kudambwe Musamutsate

Loweruka lapitali ndinali pa boma la Mwanza, m'kanyumba ka tiyi pafupi ndi msewu wopita ku bodala, kudikira kuti minibasi ya ku Blantyre idzaze. Pakhonde panali anyamata atatu ogulitsa manachesi, mitu pamodzi pa foni imodzi, akuseka mpaka misozi. Ankaonera kagawo ka filimu yakale ija, The Gods Must Be Crazy, ya munthu wa m'chipululu cha Kalahari amene anatola botolo la Coca-Cola logwa kuchokera m'ndege. Kenaka mmodzi anapukusa mutu. "Koma aise, mdala ameneyu akuti anafera kutchire. Kutchuka konse kuja! Anatha ngati makatani."

Tiyi anandiwawira m'kamwa. Mawu akuti "watha" ndawamva kokwana, ndipo lero ndikufuna ndikangane nawo.

Tiyambe ndi mdalayo. Dzina lake anali N!xau, wa mtundu wa San, kwawo ku Tsumkwe m'dziko la Namibia. Jamie Uys wa ku South Africa ndiye anamutenga kukasewera filimuyi, yomwe inatuluka mu 1980. Ife a kuno tinadzaionera mochedwa m'mavidiyo sho a jenereta, titapanikizana pa mabenchi. Filimuyi inapanga madola mamiliyoni ambirimbiri, pamene mwini nkhope anangogwiritsidwa m'manja madola mazana ochepa. Pa gawo lachiwiri la mu 1989 m'pamene anadziwa kutchula mtengo wake, ndipo pambuyo pake anaseweranso mafilimu atatu a ku Hong Kong. Zitatero anabwerera kwawo, m'nyumba yake ya njerwa, kukalima chimanga, maungu ndi nyemba, ndi kuweta ng'ombe. Anamwalira mu July 2003 kufupi ndi kwawo komweko.

Tsono abale anzanga, chatha apa n'chiyani? Kuyambira liti kufera kwanu kunasanduka manyazi? Ngati pali chochititsa manyazi pa nkhaniyi ndi malipiro a mu 1980 aja, osati munda wa maungu.

Wina anena kuti N!xau sanachite kusankha, ntchito inangomuthera. Chabwino. Ndiye tiyeni titenge wina amene palibe angamunene kuti anasowa kolowera. Greta Garbo anabadwira m'banja losauka ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu 1905. Ali mtsikana anagwirapo ntchito yopaka thovu amuna ometedwa ndevu. Mu 1925 anapita ku Hollywood, ndipo ndi mafilimu ngati Anna Karenina ya mu 1935, Camille ya mu 1936 ndi Ninotchka ya mu 1939, nkhope yake inadziwika dziko lonse. Filimu yake ya mu 1941, Two-Faced Woman, inanyozedwa kwambiri ndi olemba m'nyuzipepala, ndipo inakhala yomaliza. Anali ndi zaka 36 zokha. Mu 1949 anayesako zobwerera, koma okonza filimuyo ndalama zinawavuta, iye osalimbikiranso. Mu 1955 anamupatsa mphoto yaulemu ya Oscar, mwiniwake osapita kukalandira. Anangokhala m'nyumba yake ku New York, kuyenda wapansi m'misewu, kucheza ndi anzake ochepa amene iye anawafuna, mpaka imfa yake pa 15 April 1990, ali ndi zaka 84 komanso chuma chambiri.

Kodi dziko linamusiya? Ayi ndithu. Ojambula zithunzi ankamubisalira m'makona ngati alenje a mbewa pa una, mpaka ali nkhalamba yodwala. Mayi wachuma, wosapempha kalikonse kwa munthu, koma anthu osamukhululukira mlandu umodzi: anachoka m'bwalo tisanamuuze kuti achoke. Apa m'pamene pagona nkhani. Mawu oti "watha" sitiwanena chifukwa cha chisoni ayi. Timawanena chifukwa zimatiwawa kuti munthu amene tinamuombera m'manja angathe kukhala ndi moyo popanda m'manja mwathumo.

Ndisaloze ena okha chala. Zaka zingapo zapitazo ndinakwera njinga ya kabaza kupita ku mudzi wina kuno, kukasaka bambo amene kale ankasekesa anthu m'maholo ndi zisudzo. Ndinkafuna nkhani ya "ali kuti masiku ano" yoti ndigulitse. Ndinawapeza kudimba akuthirira tomato, malaya ong'ambika paphewa. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, chifukwa chithunzi chake chinali chogulitsika. Iwo anaika khasu pansi nati, "Mwana wanga, nthawi imene ndinkasewera munkalowera pawindo kuti musalipire pakhomo. Lero ndasiya, mwalipira kabaza kudzandiona. Mukufuna chiyani?" Ndinasowa poika nkhope. Anandipatsa tomato m'jumbo, ndipo nkhaniyo sindinailembe mpaka lero.

Ndikudziwa kumene kunachokera kukayikira kwathu. M'dziko muno munthu wotchuka akangoti zii, kawirikawiri sikunali kufuna kwake. Ife a ku Mwanza tikudziwa bwino. Mu May 1983, a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa pa msewu wa ku Thambani, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu. Ndiye makolo athu anaphunzira kuti kusowa kwa munthu wodziwika kuli ndi mwini wake, ndipo kufunsa kuti "ali kuti?" kunali kulimba mtima. Koma funso lomwelo lero talisandutsa miseche. Ufulu umene anthu anauvotera mu 1993 suli woyankhula wokha. Ulinso wokhala chete, wotseka chitseko chako, wobwerera kumudzi popanda kupereka lipoti pa Facebook.

Ena anditsutsa kuti alipo azisudzo ndi oimba akale amene akuvutikadi, ndipo popanda kuwajambula palibe angawathandize. N'zoona, alipo, ndipo si onse anachoka ndi chuma ngati Garbo. Koma wothandiza amaodira pakhomo, n'kufunsa mwini nyumba ngati akufuna kuti dziko lidziwe. Wamiseche amajambula mobera pa chigayo n'kumwaza pa WhatsApp. Komanso tinali kuti pamene ankagwira ntchito? Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992, koma nyimbo ndi mafilimu a anzathu timangokopera pa memori khadi ndi tindalama ta mandasi, mwini wake osaona ngakhale tambala. Tikamubera ali m'bwalo, tikufunanso tikamuseke ali kudimba? Chisoni chenicheni n'kulipira pakhomo gule akadavina.

Kwa anzanga olemba ndi owerenga tsamba lino, makamaka ife alakatuli amene timagona tikulota maina athu akuwerengedwa pa wailesi, tiphunzire kwa makolo. Gule wamkulu akavina, fumbi koboo, amayi n'kuimba, anthu n'kufupa. Akatha amalowera kudambwe, ndipo wosameta satsatira. Palibe amanena kuti gule watha chifukwa sakumuonanso m'bwalo. Chimene anatipatsa tinachiona ndi maso, tinaseka, tinafupa, basi ngongole inathera pomwepo. Zotsalazo n'zake.

Minibasi itadzaza ndinagula mulu wa manachesi kwa mnyamata uja. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, inu mukadzasiya geni pa msewu pano n'kubwerera kumunda kwa bambo anu, tidzati mwatha?" Anaseka nati, "Ayi bwana, mudzati ndapita kwathu."