Wolankhula ndi Womva

Mu 2006, ku Cambridge m'dziko la England, mtsikana wa zaka 23 anali chigonere m'chipatala atavulala m'mutu pa ngozi ya pamsewu. Maso ankatsegula, koma akamuitana sankayankha ngakhale pang'ono. Wasayansi Adrian Owen ndi anzake anamulowetsa m'makina ojambula ubongo a fMRI n'kumupempha kuti ayerekeze kuti akusewera tennis. Mbali ya ubongo yokonzekeretsa thupi kuyenda inadzuka, ngati mmene imachitira mwa munthu wabwinobwino. Atamuuza kuti ayerekeze akuzungulira m'zipinda za kwawo, inadzuka mbali ina. Mtsikanayo ankamva ndithu.

Tsono taganizirani za Blake Lemoine, amene mu 2022, ali injiniya wa Google, analengeza kuti pulogalamu ya LaMDA imadzizindikira yokha, poti inamulembera kuti ikuopa kuzimitsidwa. Pulogalamu yoteroyo imaphunzira kuluka mawu kuchokera m'zolemba za anthu zosawerengeka, ndipo anthufe za mantha a imfa talemba zambiri. Kunena kuti "ndikuopa" sikutanthauza kuti mkatimo muli wina amene mtima ukumugunda.

Zoti kudzizindikira kumadalira ubongo, ine sinditsutsa. Mankhwala ogonetsa a kuopaleshoni amazimitsa munthu yense kwa maola angapo, osamva ngakhale mpeni. Koma kuchuluka kwa maselo si kumene kumabala kudzizindikira. Mwa maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni a mu ubongo, ambiri ali m'kachigawo ka kunkhongo kotchedwa cerebellum, chikhalirecho alipo anthu obadwa opanda kachigawoka amene amalankhula, kukonda ndi kumva ululu. Kanyongolotsi ka C. elegans kali ndi maselo a minyewa 302 okha, ndipo malumikizidwe ake anajambulidwa kale mu 1986, koma akatswiri akulimbanabe kuti kanyongolotsi ka pakompyuta kazichita zonse zimene kamoyo kamachita. Nanji munthu?

Chimene chimandiwawa n'chakuti chifundo chathu chikuthamangira makina odziwa kuyankhula, pamene odwala osowa mawu tikuwasiya. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2024 m'magazini ya New England Journal of Medicine anayeza odwala 241 ovulala ubongo amene sankayankha chilichonse akauzidwa zochita. Mwa iwo, 60 ubongo wawo unkatsatira zimene ankauzidwazo. Ameneyo ndi mmodzi mwa anayi alionse, ndipo pambali pa bedi la munthu woteroyo achibale ndi anamwino amakambirana za iye poganiza kuti sakumva.