Ife amake ana, tikali kuyembekezela ciani?

"Mwana akayamba cabe kugona usiku wonse, tidzapumula." Tinakamba conco ambili a ife. Anayamba kugona, ife n'kusamutsa lonjezo: akaleka kuyamwa. Analeka. Manje tikuti akayamba giledi 1, kapena tikacoka m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwili ku Mtendere n'kumanga yathu. Cimwemwe cathu cili monga minibasi ya pa Kulima Tower: takhalamo kale, koma kondakita akuti sinyamuka ikalibe kuzula.

Foni nayo siitithandiza. Pakati pa usiku, mwana ali ku bele, titsegula Facebook. Amene tinali naye kalasi imodzi wavala gauni pa UNZA. Wina ali ku Dubai, akuti wapita kukaoda katundu. Ife citenje canunkha mkaka, m'beseni muli zovala za dzulo. Ndiye mtima uyamba kuwelengela zaka monga ndalama zimene tinabeledwa. Koma cithunzi sicionetsa nkhongole, ndipo mwina mnzathu uja nayenso ayang'ana cithunzi ca mwana wathu n'kumeza mate.

Tisanamizane, nyengo ino ni yolemetsa. Lamulo la nchito la mu 2019 linapatsa azimai masabata 14 a chuti ca ucembele, komanso nthawi yoyamwitsa akabwelela ku nchito. Ni cinthu cabwino, koma cimafika kwa olembedwa nchito. Wogulitsa salaula kapena tomato pa Soweto alibe womupatsa chuti: pakapita masabata ocepa, mwana ali kumbuyo, iye ali pa tebulo. Ku cipatala atiuza kuyamwitsa cabe kwa miyezi 6, apongozi akuti mwana alila cifukwa ca njala, tim'patse phala. Tili pakati, tulo tilibe.

Olo n'conco, kumbukilani 2024. Caka cinayamba na kolela, masukulu sanatsegule mpaka mu February. Mvula inakana, madzi anacepa ku Kariba, malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Palibe wa ife angafune kuti cibwelele caka cija. Koma funsani ana zimene akumbukila. Ambili adzakamba za madzulo pa mbaula, pamene TV inali zii, foni ilibe moto, atate awo ayamba kusimba za kumudzi ku Katete, kapena ife tiyesa nthano za Kalulu zimene tinaiwala theka n'kupeka cakumapeto. Ife tinali kuwelengela mtengo wa malasha. Iwo anapeza makolo awo ali na nthawi. Zonse ziwili zinacitika usiku umodzi, pa mbaula imodzi, ndipo ife tinaona cimodzi cabe.

Apa m'pamene ena amakwiya, ndipo tiwamvetsa. Mau akuti "khutila na zimene uli nazo" agwilitsidwa nchito kutseka azimai pakamwa kwa zaka zambili. Pa kicheni pati amatiimbila za kulimbikila, mpaka ukwati unapatsidwa dzina lakuti shipikisha kilabu. Ife sitikamba zimenezo. Mwamuna amene amamenya, kapena amene malipilo ake amathela ku bawa ana ali na njala, si nyengo yoti tiikonde. Imeneyo ni nkhani ya ankhoswe, ndipo ikafika pa kumenya, ni ya a Victim Support Unit ku polisi. Kukhutila sikuletsanso kulowa cilimba, kulembanso mayeso a GCE kapena kusunga ya puloti. Cimene tikana ni kucedwetsa cimwemwe conse mpaka zinthu zimenezo zikatheke, monga kuti umoyo ukalibe kuyamba.

Pakuti mwana sayembekezela puloti. Khadi ya ku sikelo imadzala mwezi na mwezi, ndipo akakwanitsa zaka 5 imalowa m'sutukesi pamodzi na mapepala ena. Tsiku lina tidzam'masula ku msana, osadziwa kuti ndiye kotsiliza kum'papa. Anzathu amene ana awo ali ku sekondale amatiuza kuti lelo ukafuna kum'gwila dzanja pa msewu, akuti, "Amami, anzanga aona."

Madzulo ano nsima ni ya kapenta na cibwabwa, monga dzulo. Wamng'ono adzamwaza theka pa mphasa, wamkulu adzafunsa cifukwa cake mwezi umatikonkha tikamayenda. Beseni iyembekezeko. Foni tiisiye pa chaja, tiyese kum'yankha.