Kulira kwa Mkazi Si Sewero

Pa Nsipe, m'boma la Ntcheu, monganso m'misika ina ya m'mbali mwa msewu wa M1, pali tinyumba toonetseramo kanema. Dzuwa likapendeka, anyamata ndi ana a sukulu amalipira ndalama pang'ono nakhala pa mabenchi mumdima. Mafilimu ambiri amachokera ku India, ku Nigeria ndi ku China, ndipo alipo anthu amene amawamasulira m'Chichewa. Kuonera kanema si kulakwa ayi. Choipa ndi mabodza atatu amene mafilimu ena amanena za mkazi wogwiriridwa.

Bodza loyamba ndi ili: mkazi akana, mwamuna amtsekera njira, amgwira mkono, amuumiriza, potsiriza mkaziyo amwetulira, nyimbo niyamba. Mnyamata woonerayo amatuluka ataphunzira kuti kukana kwa mkazi ndi manyazi chabe.

Bodza lachiwiri nali: mkazi akachitidwa choipacho, kanema amamuiwala, natsata mlongo wake kapena mwamuna wake wobwezera ndi nkhonya. Mantha a mkaziyo, matenda, mimba yosaifuna ndi manong'onong'o a pachitsime, zonsezi sizioneka.

Bodza lachitatu ndi la womasulira, amene nthawi zina amathira nthabwala pamene mkazi ali kulira, nyumba yonse nifa nalo phwete.

Zochitika zenizeni sizitero. Mu Okutobala 2019, apolisi ena anagwirira akazi ndi atsikana ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu m'boma la Lilongwe. Kumeneko kunalibe nyimbo, ndipo panalibe womwetulira. Akaziwo anaimirira okha nanena zimene zinawagwera, ndipo mu Ogasiti 2020 Khoti Lalikulu linalamula kuti 18 a iwo apatsidwe chipepeso. Kulimba mtima kotere ndiko kumene mafilimu aja amabisa. Malamulo a Malawi amati kugona ndi mkazi iye asakufuna ndi mlandu waukulu, ndipo wolakwayo angathe kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Ena adzati, "Ndi kanema chabe, ana amadziwa kuti ndi zopeka." Koma akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene amatsanzira nkhonya za m'kanema pabwalo la sukulu, angalephere bwanji kutsanzira zinazo? Amene waseka misozi ya mkazi madzulo khumi, tsiku limene adzamve kukuwa kuthengo sadzathamanga.

Enanso adzati, "Imeneyo ndi ntchito ya Boma." N'zoona kuti lamulo la chaka cha 1968 linakhazikitsa bungwe loyesa mafilimu. Koma maso a bungwe sangafike m'kanyumba kalikonse. Amene ali pafupi ndi makolo, mafumu ndi eni tinyumbato.

Tsono mwini kanema ayambe waonera yekha filimu asanalandire ndalama ya mwana. Womasulira aleke nthabwala pamene munthu ali kuzunzidwa. Kholo lifunse mwana zimene waona, limuuze poyera kuti mkazi akakana wakana. Ndipo mkazi wogwiriridwa asanyozedwe. Aperekezedwe kuchipatala asanathe maola 72, kuti alandire mankhwala omteteza ku kachilombo ka HIV, kenaka kupolisi. Mtsikana wolira m'kanema ndi wochita sewero, koma amene angadzalire mawa ndi mwana wa pamudzi pomwepo.