Chuku cha m'Nkhokwe ndi Anthu a ku Yunivesite

Anzanga alimi, pali mau amene amamveka kawirikawiri pa bwalo ndi pa chigayo. Ena amati: "Anthu a ku yunivesite aja amangodya ndalama za boma. Tsiku lonse ali m'nyumba kusuzumira tinthu tosaoneka ndi maso. Khasu saligwira. Nanga ife a kuno ku Cassacatiza tipindulanji?" Ine mau amenewa ndikuwakana, ngakhale kuti nane ndiri ndi dandaulo pa anthu omwewo. Tiyambe ndi mtedza.

Chuku tonse timachidziwa. Chimamera pa mtedza ndi pa chimanga chimene sichinaume bwino. Makolo athu ankati chuku chimangowawitsa chakudya basi. Koma mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000 zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Akatswiri ofufuza za mankhwala a m'thupi ndi m'zomera anatenga chakudyacho nachiyeza. Anapeza kuti mtundu wina wa chuku, umene amautcha Aspergillus flavus, umatulutsa poizoni. Poizoniyo anampatsa dzina loti aflatoxin. Alibe fungo, saoneka, ndipo moto wa pa mafuwa sumupha. Mukazinge mtedzawo, musinje, muwiritse nsinjiro mu ndiwo, iye ali momwemo.

Musayese kuti ndi nkhani ya nkhuku za Azungu zokha ai. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Amenewo anadya wambiri nthawi imodzi. Ife ambiri timadya pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, ndipo chimene chimavutika ndi chiwindi. Ku Inhambane, m'dziko lathu lomwe lino, madokotala anaona kale kuti khansa ya m'chiwindi inali yochuluka kwambiri, ndipo atayeza zakudya za m'midzi anapezamo poizoni yemweyu. Munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B ndiye ali pa ngozi yaikulu koposa. Ana odya chakudya chotere kawirikawiri amapezekanso kuti ndi opinimbira.

Apa pali chinthu chimene inu amene mukuphunzira zilembo mudzachimva msanga. M'thupi mwathu muli malangizo otchedwa DNA. Malangizowa analembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Poizoni uja akafika m'chiwindi amakakamira pa chilembo cha G, ndipo thupi pokopera limalemba T m'malo mwake. Lembani pa sileti mau akuti "gula". Fufutani g, muikepo t. Tsopano pali "tula". Chilembo chimodzi chokha, koma amene mwamutuma akachita zina. Mu 1991 ofufuza anapeza kulakwika kotereku, G kusanduka T, m'ziwindi za odwala khansa a kumwera kwa Africa kuno, ena mwa iwo a ku Mozambique. Kunapezeka pa mbali ya DNA yotchedwa p53, imene ntchito yake ndi kuletsa zotupa kukula. Ndiye munthu wosuzumira tinthu tosaoneka uja, kodi sanali kusuzumira m'mbale yathu?

Ndipo sanalekere pa kudziwa kokha. Akatswiri a bungwe la IITA ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, anaona kuti pakati pa chuku cha mtundu womwewo pali china chosatulutsa poizoni, chifukwa malangizo opangira poizoniyo mwa icho ndi oonongeka. Anasankha chuku chofatsacho m'nthaka ya dziko lirilonse, nachipaka pa njere za mapira zokazinga kuti zisamere. Ndicho chimene amachitcha Aflasafe. Mlimi amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala, kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti mbeu ichite maluwa. Chuku chofatsa chimayamba kudzaza munda, choopsa chija n'kusowa malo. Kumene anayesa, poizoni amatsika ndi magawo 80 pa 100, mwinanso kuposa.

A Limbikani Matumba a ku Malawi ndi anzao anayesa zimene amayi athu amachita kale: kusankha njere ndi manja, kutsuka, ndi kukonola. Anapeza kuti kusankha ndi manja, kutaya njere zoola, zosweka ndi zosintha mtundu, kumachotsa poizoni wochuluka zedi. Kukonola kumathandizanso, pakuti wambiri amatsalira m'gaga. Eetu, lichero la agogo liri ndi ntchito, ndipo tsopano tikudziwa chifukwa chake.

Koma taonani zimene timachita ife. Mtedza wabwino timasankhira mavenda, kapena timaolotsa nawo pa Chanida kupita ku Katete. Wofota ndi wakuda uja timati ngwa nsinjiro, ndipo umathera m'phala la mwana. Chimanga choola timati nchophikira mowa kapena ncha nkhuku. Ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, mwinanso kuti ulemere pa sikelo, kenaka n'kuuthira m'thumba uli wonyowa. Kumeneko ndiko kuitana chuku ndi manja awiri. Maiko a ku Ulaya amabweza mtedza wodya anthu ukapitirira magawo 4 pa biliyoni. Ndiko kunena kuti kasupuni kamodzi ka poizoni m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Iwo amakana kasupuni, ife timapatsa mwana zotsalira.

Tsono dandaulo langa ndi ili. Zonse ndafotokozazi zinalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi, m'mabuku amene amathera ku Maputo, ku Lilongwe ndi kunja. Mayi amene amasinja nsinjiro kuno ku Chifunde sanazimvepo m'chinenero chake. Ophunzira amasankha okha chimene afufuze, ndipo nthawi zambiri amatsata kumene kukuchokera ndalama. Sindikuti aleke. Ndikuti posankhapo azikumbukira nkhokwe, ndipo akapeza yankho asamayese kuti ntchito yatha pamene alemba buku. Yunivesite ya Zambeze iri ndi sukulu ya zaulimi ku Ulónguè, ku Angónia, ndi sukulu ya zaumoyo mumzinda wa Tete. Si kutali kwenikweni. Abwere nthawi yokolola, adzabwerenso mvula itayamba pamene chimanga chakhalitsa, atenge pang'ono m'nkhokwe zathu akayeze. Akatero abwerere adzatiuze, mudzi ndi mudzi, m'Chichewa, pa pepala la zilembo zazikulu loti tingathe kuwerenga m'kalasi.

Pakali pano zimene tingachite tokha ziripo. Kumbani mtedza ukangokhwima, osadikira kuti nthaka iume gwa, chifukwa makoko akasweka chuku chimalowa. Uumitseni ndi masangwe ake pa mulu wokhala ndi mpata pakati kuti mphepo izidutsa, kapena pa thandala, osati pa dothi. Mtedza wouma bwino umalira mukaugwedeza m'khoko. Sungani ndi makoko ake, matumba akhale pa mitengo, osagunda khoma, ndipo musende wokhawo umene mufuna kudya kapena kugulitsa sabata imeneyo. Wofota ndi wa chuku mukwirire m'dzenje, pakuti ng'ombe ikadya, poizoni amatulukira mu mkaka.