Munthu amene zonse zamuthera kukoma

Tikamva zoti wina akudwala matenda a maganizo, ambirife timayembekezera kuona misozi, kapena munthu woyankhula yekha pamsewu. Koma alipo wina amene timadya naye mbale imodzi osamuzindikira. Salira, sadandaula, ndipo kuntchito sajomba. Kungoti zonse zimene zinkamukoma kale zasanduka zii, ngati ndiwo zopanda mchere. Timu ya Bullets ikagoletsa, anzake nkumalumpha, iye ali ndwii. Bawo anasiya kalekale. Kuchinkhoswe cha mlongo wake amabwera ndithu, nkukhala kumapeto kwa benchi mpaka mwambo kutha. Mukamufunsa akuti ali bwino, ndipo sikuti akunama, poti palibe pamene pakupweteka poti nkuloza ndi chala.

Madokotala vutoli amalitcha anhedonia, dzina limene katswiri wa za maganizo wa ku France, Théodule Ribot, analipeka m'chaka cha 1896 kuchokera ku mawu achigiriki otanthauza kupanda chisangalalo. Dzinalo linafunika chifukwa vutoli nlosiyana ndi chisoni. Pamaliro timaona: namfedwa amalira mpaka mawu kusasa, koma usiku pasiwa wina akaponya nthabwala amatha kumwetulira, phala likabwera amalimva kukoma. Chisoni chimabwera nkupita, nkubweranso. Munthu amene ndikunenayu chimene chazima mwa iye ndi kulakalaka ndi kukondwa komwe. Akatswiri amati vutoli limakhudza mbali ya ubongo imene imatipatsa chilakolako chochita zinthu, momwe mumagwira ntchito mankhwala achilengedwe a m'thupi otchedwa dopamine. Limapezeka kwambiri mwa odwala matenda ovutika maganizo, komanso mwa ena odwala Parkinson's ndi ena amene angosiya kumene mowa kapena mankhwala ozunguza bongo.

Chimene chimandiwawa ine ndi mayina amene timamupatsa munthuyu kunyumba. Timati ndi wamphwayi. Timati wayamba kunyada, wakhuta, ndi wosayamika. Akakhala mwamuna, mkazi wake amaganiza kuti kwabwera wina. Akakhala mayi amene wangochira kumene, ndipo khanda lake lomwe silikumusangalatsa, apongozi amati ndi wouma mtima, mwina wamulowa mzimu woipa. Mayi wotere amadziweruza yekha kuposa momwe tingamuweruzire, ndipo sangayerekeze kuuza munthu, poti ndani angamumvetse mayi wonena kuti mwana wake sakumumva kukoma? Mayina onsewa ndi oweruza khalidwe. Palibe ngakhale limodzi limene lingamufikitse munthu kuchipatala.

Chonsecho kwa madokotala ichi ndi chimodzi mwa zizindikiro ziwiri zikuluzikulu za matenda ovutika maganizo. Chikakhalapo pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri, pamodzi ndi zina monga kusowa tulo, kusafuna kudya ndi kutopa kosadziwika bwino, dokotala amayamba kukayikira matendawa ngakhale munthuyo sanagwetsepo msozi. Pamndandanda wa mafunso 9 wotchedwa PHQ-9, umene unamasuliridwanso m'Chichewa nkuyesedwa m'zipatala zina zathu, funso loyamba lenilenilo ndi lofuna kudziwa ngati munthu wataya chidwi kapena chisangalalo pochita zinthu. La kukhumudwa limabwera kachiwiri.

Anzathu a ku Zimbabwe anapita nayo patsogolo nkhaniyi. Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, komwe agogo ophunzitsidwa bwino amakhala pabenchi panja pa chipatala nkumacheza ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa. Ife timati kuganiza kwambiri, ndipo mawuwa atithandiza kulankhula za matendawa mopanda manyazi. Koma amagwira munthu wankhawa, wosagona tulo chifukwa cha ngongole ya katapila kapena sukulu fizi. Uyu wa zii amatipulumuka, chifukwa mukamufunsa ngati akuganiza kwambiri akuyankhani kuti ayi.

Ndiye tisinthe kafunsidwe. M'malo moti "Wakwiya chiyani?" tifunse kuti, "Kodi zija unkazikonda zija zikumakukomabe?" Akati ayi, tisamulalatire kuti ali ndi ntchito, ana ndi nyumba, ndiye akusowa chiyani. Zimenezo akuzidziwa, ndipo nzimene zimamuchititsa manyazi. Tisamukokerenso ku phwando mokakamiza poganiza kuti phokoso limuchiritsa. Pemphero ndi labwino, koma lisatseke njira ya kuchipatala. Ndipo tisaope kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumuika maganizowo m'mutu.

Matendawa amachizika, ena ndi uphungu, ena ndi mankhwala, ena ndi zonse ziwiri. Yambirani pachipatala cha boma chimene muli nacho pafupi. Kulinso Zomba Mental Hospital, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Wodwalayo yekha sanyamuka, chifukwa ngakhale chilakolako chofuna kuchira chimakhala chitazima. Muperekezeni inuyo.